git fsck yandidzazira sikirini ndi ma dangling commit, ndifufute kapena ayi?

wa_Chilomoni
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kuntchito kwathu tili ndi repo ya git (nkhokwe ya code ndi mbiri yake) ya pulogalamu yolembera ma invoice ndi katundu wa m'sitolo. Mnzathu mmodzi amagwirira ntchito kwawo ku Lunzu, ndipo kumene amakhalako netiweki imabwera mwa apo ndi apo, ndiye sapanga push (kutumiza ntchito yake mu repo mwachindunji). Amapanga ma patch (mafayilo a zosintha zake) ndi `git format-patch`, netiweki ikagwira n'kuwaponya mu foda ina pa seva ya mu ofesi. Pa sevapo pali script yomwe analemba munthu amene anachoka kale pantchito. Imatenga ma patch aja, kuwalowetsa ndi `git am`, kuyendetsa ma test, zikayenda bwino n'kuwaphatikiza ku `main`.

M'mawa uno git yandiuza kuti `warning: There are too many unreachable loose objects; run 'git prune' to remove them.` Nditayendetsa `git fsck`, yofufuza ngati repo ili bwino, mizere yadzaza sikirini yonse, "dangling commit" yokhayokha ndi manambala ake aatali aja (ma hash). Kuwonjezera apo, mnzathu wa ku Lunzu akuti sabata yatha anatumiza patch yokonza kawerengedwe ka VAT, koma pa `main` palibe, mu foda muja mulibenso, ndipo laputopu yake anaifometa Loweruka itayamba kuvuta. Kodi repo yathu yawonongeka? Ndipange prune monga git ikunenera? Bwana akufuna ma invoice a kutha kwa mwezi atuluke ndi VAT yolondola.

kabaza265
Palibe chawonongeka apo aise. `git gc --prune=now` basi, zinyalala zonsezo zipita.

Mpingwe_root
Ayi a Chilomoni, chonde musayendetse zimenezo, ngakhalenso `git prune` imene git yakuuzaniyo. Ngati patch ya VAT ikadalipo penapake padziko lino, ili m'kati mwa ma commit omwe mukufuna kufufutawo. `git prune` mukailemba yokhayokha siyang'ana kuti chinthu ndi cha liti, imasesa chilichonse chopanda cholozera ngakhale cha mphindi zisanu zapitazo.

Musanayankhe aliyense muno chitani izi: imitsani script ija ngati imadziyendera yokha, lembani `git config gc.auto 0` kuti gc, yosesa zinyalala mu git, isadziyendere yokha, kenako koperani foda yonse ya repo ndi `cp -a` muike pa disiki ina. Kufufuza konse muzichitira pa kope limenelo.

kabaza265
Koma dangling commit si matenda akulu anga, repo iliyonse yogwiritsidwa ntchito ili nawo.

Mpingwe_root
Si matenda, pamenepo tikugwirizana. Koma munthuyu wanena kuti pali ntchito yosowa, ndipo mwini wake alibe kope.

anaPhiri_py
Bwanji osangopanga `git clone` pa laputopu ngati backup? N'kwachangu kusiyana ndi kukopera foda yonse.

sisi_wa_seva
Clone yodzera pa ssh kapena https singathandize pano anaPhiri. Imangobweretsa zinthu zomwe branch kapena tag ina ikuzilozera. Zomwe tikusakazi palibe chikuzilozera, ndiye zitsala pa seva. Mungaone ngati muli ndi backup pomwe mwasiya chenichenicho. `cp -a` kapena `rsync -a`, ndipo `-a` imeneyo ndi yofunika chifukwa imasunga madeti a mafayilo, omwe git imawagwiritsa ntchito poganiza kuti chakale n'chiti.

wa_Chilomoni
Ndakopera pa fulashi ndi pa laputopu. Cron, yomwe imayendetsa script ija pa nthawi yake, ndaimitsa, inali `0 * * * *`, kutanthauza ola lililonse. `gc.auto` yafika pa 0. Koma mtima ukadali m'mwamba, mizere yonse ija si chizindikiro choti disiki ikufa?

bambo_kernel
Khazikani mtima pansi achimwene. Ndifotokoze pang'ono chifukwa ambiri timaopa `git fsck` pachabe.

Commit iliyonse mu git, kutanthauza zosintha zomwe mwasunga ulendo umodzi, imadziwa kholo lake, koma sidziwa ana ake. Branch ndi kadzina chabe kolozera commit imodzi ya kunsonga, ndipo kuchokera pamenepo git imatsata makolo kubwerera m'mbuyo. Commit yomwe simungaifikire poyambira pa branch, tag, stash (zosintha zoikidwa pambali), HEAD (pomwe muli panopa) kapena reflog (kaundula wa komwe HEAD ndi ma branch akhala akulozera) imatchedwa unreachable. Mwa zimenezo, imene ili kunsonga kwenikweni, yomwe ngakhale ma unreachable anzake sakuilozera, ndiyo fsck imaitchula kuti dangling. Ndiye mzere umodzi wa "dangling commit" utha kukhala ndi ma commit khumi kumbuyo kwake omwe fsck sinawatchule. Kumbukirani zimenezi, zikuthandizani posaka.

Zili ngati thumba la chimanga ku chigayo lomwe dzina lafufutika. Chimanga chili bwinobwino, palibe chaola, kungoti wa chigayo sakudziwa kuti ndi la ndani, ndipo salisunga mpaka kale.

Kuwonongeka kwenikweni kumaoneka mwina: `missing blob`, `missing tree`, `broken link from`, kapena `object file ... is empty`. Lembani `git fsck --no-dangling`. Ikapanda kudandaula chilichonse, repo yanu ndi yamoyo.

wa_Chilomoni
`git fsck --no-dangling` yangowerenga ma object n'kumaliza, palibe error. Zikomo bambo.

tchuzi_Limbe
Za `object file is empty` zija ine ndinaziona ndi maso. Magetsi anazima pa desktop yopanda UPS commit ili mkati, titayatsa mu `.git/objects` munali mafayilo a 0 bytes, `git status` yomwe kukana. Tinachita kuchotsa mafayilo opanda kanthu aja n'kupanga fetch kuchokera kwa mnzathu. Amene muli ndi seva mu ofesi gulani UPS ngakhale yaing'ono, yongokwanira kuzimitsa makina mwaulemu.

kabaza265
UPS yake batire imatha chaka chisanathe ndi kuzimazima kwa kunoku.

tchuzi_Limbe
Batire imasinthidwa, m'mashopu a ku Limbe ndi ku Ginnery Corner zimapezeka. Kusintha batire n'kotchipa kusiyana ndi kulembanso ntchito ya mwezi.

Nachisale_88
Tibwerere kwa a Chilomoni. Ine chikundidabwitsa ndi ichi: `git fsck` yopanda `--no-reflogs` imawerengera reflog ngati cholozera. Commit ikasiyidwa ndi `git am --abort` kapena rebase imakhalabe mu reflog ya HEAD, ndipo zolemba za ma commit osafikirika zimakhala mmenemo masiku 30, zinazo masiku 90, ngati simunasinthe `gc.reflogExpireUnreachable` ndi `gc.reflogExpire`. Ndiye za sabata yatha siziyenera kuoneka ngati dangling lero. China chake chikufufuta reflog. Repo ya pa sevayo ndi bare, yopanda mafayilo ogwirirapo ntchito? Chifukwa repo ya bare siyatsa reflog yokha.

wa_Chilomoni
Si bare, ili ndi mafayilo ake. `git reflog` ikungoonetsa ma merge opita ku `main`, za `am` mulibemo. Script yake mbali yofunika ndi iyi:

```
git worktree add --detach /tmp/yesa main
cd /tmp/yesa && git am --3way $PATCHES/*.patch
./run_tests.sh
git add -A && git commit -m "test run"
```

Ma test akadutsa imaphatikiza ku `main` ma commit a ma patch n'kuchotsa mafayilo a patch mu foda. Kaya adutse kaya alephere, kumapeto kuli izi:

```
git worktree remove --force /tmp/yesa
find $PATCHES -name '*.patch' -mtime +3 -delete
```

Nachisale_88
Eyaa, wakuba uja ndi ameneyu. Worktree ndi foda ina yogwirirapo ntchito pa repo yomweyo, ndipo iliyonse ili ndi HEAD yakeyake ndi reflog yakeyake, zimakhala mu `.git/worktrees/yesa/`. Script yanu imapanga ma commit pa detached HEAD, kutanthauza kuti palibe branch yowagwira, chowagwira ndi HEAD ya worktree yokhayo. `git worktree remove` ikafika imachotsa foda ija yonse pamodzi ndi reflog yake. Ma commit amatsala mu `.git/objects` ya repo yaikulu opanda chilichonse chowalozera, nthawi yomweyo, osadikira masiku 30.

Tsono onani mmene zinayendera ndi patch ya VAT. Inalowa ndi `git am`, ma test analephera, sinapite ku `main`, fayilo yake inatsala mu foda. Ola lotsatira script inayesanso. `git am` imasunga dzina la wolemba ndi deti lake, koma deti la committer (wolowetsa commit mu repo) limakhala latsopano, ndiye hash imasintha. Ola lililonse commit yatsopano ya patch yomweyo, ola lililonse dangling ina. Mpaka `find` ija inadzafufuta fayilo. Ndipo `-mtime +3` imagwira fayilo ikakwanitsa masiku 4 athunthu, osati 3, ndiye patch imodzi yolephera imakusiyirani ma dangling pafupifupi 96.

Kuchuluka kwa ma loose object, timafayilo ta git tosungidwa kamodzikamodzi mu `.git/objects`, kukuchokera pa `git add -A` ija. Ngati ma test amatulutsa ma log ndi ma PDF okhala ndi nthawi m'kati, ulendo uliwonse ndi ma blob (zam'kati mwa mafayilo) atsopano ambirimbiri.

wa_Chilomoni
Amatulutsadi, invoice ya PDF pa test iliyonse.

Mpingwe_root
Ndiye nthawi ikuthamanga. Gc yodziyendera yokha imayamba ma loose object akapitirira pafupifupi 6700, ndipo imafufuta osafikirika omwe apitirira masabata 2, ndiyo `gc.pruneExpire`. Chenjezo lija latuluka chifukwa gc yayenda, yafufuta zakale, koma zotsala zosakwana masabata 2 zikadali zambiri. Patch yanu ndi ya sabata yatha, ndiye yapulumuka ndi masiku ochepa chabe. Nkhaniyi mukanaitulukira mwezi wamawa bwenzi tikungopepesana.

anaPhiri_py
Yesani iyi pa kope lija:

```
git fsck --lost-found
git log --no-walk --oneline -i --grep=vat $(ls .git/lost-found/commit)
```

wa_Chilomoni
Yabwera yopanda kanthu. Ndikachotsa `--grep` mizere yonse ikuti "test run", "test run", mpaka pansi. Ndiye kuti yapita?

bambo_kernel
Sinapite. Ndi zija ndinanena m'mawa. `--no-walk` imaonetsa nsonga zokha, ndipo nsonga iliyonse ndi commit ya "test run" yomwe script imaika pamwamba. Patch ya mnzanu ili pansi pake ngati kholo. Chotsani `--no-walk` kuti git itsike m'munsi, koma muiuze kuti isakuonetseni zomwe zili kale pa ma branch:

```
git log --format='%h %an %ad %s' -i --grep=vat $(ls .git/lost-found/commit) --not --all
```

Ngati mnzanuyo sanalembe VAT mu uthenga wa commit, gwiritsani `--author` ndi dzina lake, kapena `-S` ndi dzina la function yomwe anasintha.

wa_Chilomoni
YAPEZEKA! Mizere yambirimbiri, dzina lake, "konza rounding ya VAT pa invoice". Ambuye akudalitseni nonse.

sisi_wa_seva
Musanavine, imangirireni. Foda ya `.git/lost-found` sisunga commit, ili ndi manambala chabe, gc siiwerengera ngati cholozera. Ma blob okha ndi omwe zam'kati mwake zimalembedwa mu `lost-found/other`. Pitani pa repo yeniyeni ya pa seva mulembe `git branch pulumutsa-vat` ndi hash imodzi mwa zimenezo. Ikakhala pa branch palibe gc ingaikhudze.

kabaza265
Ndiye tsopano prune ija ipangidwe, eti?

Nachisale_88
Ayi ndithu. Taonaninso mzere uwu: `git am --3way $PATCHES/*.patch`. Imatenga ma patch onse a mu foda pamodzi. Masiku onse amene patch ya VAT inali mmenemo ikulepheretsa ma test, patch ina iliyonse yomwe mnzathu wa ku Lunzu anaponya inalephera nayo limodzi ngakhale inali yabwinobwino. Zina zinalowa VAT itafufutidwa, koma zomwe zinabwera tsiku limodzi ndi iyo zinafufutidwa nayo. Iye akukumbukira ya VAT chifukwa bwana akuifunsa. Zinazo ndani akuzikumbukira?

Njira yodziwira ndi `git patch-id`. Imawerengera nambala kuchokera pa zosintha zokhazokha, osayang'ana deti kapena kholo, ndiye makope onse a patch imodzi amakhala ndi nambala yofanana:

```
git log -p $(ls .git/lost-found/commit) --not --all --author=dzina | git patch-id --stable | sort -u -k1,1
```

Mulu wonsewo utsika kufika pa mizere yowerengeka. Kenako pa nsonga iliyonse yokayikitsa yendetsani `git cherry -v main` ndi hash yake. Mzere woyamba ndi `-` ndiye kuti zosintha zake zili kale pa `main`. Woyamba ndi `+` kulibe.

mkoko_wa_Soche
Ine ndingofunsa, m'chaka chino anthu mukutumizirana ma patch mu foda chifukwa chiyani? GitHub ndi GitLab zili ndi ma repo a private aulere. Push, pull request, nkhani yatha. Mavuto onsewa mwadzipangira nokha.

tchuzi_Limbe
Munayamba mwapangapo push muli pa mudzi netiweki ili pa kamzere kamodzi? Imafika pakati n'kuduka, muyambirenso. Fayilo ya patch ya 6 KB imadutsa ngakhale pa netiweki yofooka.

mkoko_wa_Soche
Push ya commit yaing'ono nayo ndi ma KB ochepa omwewo, git situmiza repo yonse ulendo uliwonse. Vuto si bandulo, ndi chizolowezi.

bambo_kernel
Pa kukula kwa push mkoko akunena zoona. Koma kugwira ntchito ndi ma patch si umbuli ayi. Linus Torvalds analemba git mu April 2005 kuti izithandiza ntchito ya Linux kernel, ndipo kernel mpaka lero ma patch ake ambiri amayenda pa imelo. Git yeniyeniyo, yomwe Junio Hamano wakhala akuiyang'anira kuyambira July 2005, imalandira zosintha zake mwa njira yomweyo. `format-patch` ndi `am` zinapangidwira zimenezo. Kusiyana kwake n'koti kumeneko patch ikakanidwa munthu amauzidwa, ndipo kope limakhalabe mu imelo. Script ya a Chilomoni imakana mwakachetechete kenako n'kufufuta umboni. Cholakwika chili pamenepo.

anaPhiri_py
Ndipo chonde musamapange copy-paste patch mu uthenga wa WhatsApp. Ma space ndi ma tab amasokonekera, `git am` n'kumati patch does not apply. Itumizeni ngati document.

sisi_wa_seva
Kwa munthu wa ku Lunzuyu ine ndikanasankha `git bundle`. `git bundle create ntchito.bundle main..branch-yanga` imatulutsa fayilo imodzi yokhala ndi ma commit enieniwo, ma hash osasintha. Mu ofesi mumapanga fetch kuchokera pa fayiloyo ngati kuti ndi remote. Itha kubwera pa fulashi m'thumba la munthu wokwera minibasi ya ku Lunzu, palibe chosowa intaneti. Ndipo popeza fetch imaika ma commit pa branch, za ma hash atsopano ola lililonse sizikhalapo.

wa_Chilomoni
Ndabwera ndi zotsatira. A Nachisale munalosera. Ma patch-id osiyana atsala 7. Anayi `git cherry` ikuwaika `-`, ali kale pa `main`. Atatu ali ndi `+`: awiri ndi a VAT, ndipo wachitatu ndi patch yokonza lipoti la katundu wotsala mu sitoko, yomwe aliyense mu ofesi amaganiza kuti inalowa kale. Ndayimbira mnzathu uja, akuti inde anaitumiza tsiku lomwelo ndi ya VAT. Onse atatu ndawaika pa ma branch.

Koma a VAT awiriwo ali ndi uthenga wofanana. Nditenge uti?

bambo_kernel
Ndiye kuti anatumiza, kenako anakonzanso n'kutumiza fayilo ya dzina lomwelo pamwamba pa yoyamba. Deti la wolemba likuuzani zina, koma musalidalire lokha, chifukwa `git commit --amend` simasintha deti la wolemba. Yang'anani deti la committer, `%cd` mu format ija, muone kope lomwe linayamba kuoneka mochedwa. Kenako afananizeni ndi `git range-diff`, inabwera mu git 2.19 ya 2018 ndipo ntchito yake ndi imeneyi, kufananiza mitundu iwiri ya patch imodzi:

```
git range-diff A~1..A B~1..B
```

A ndi B ndi ma hash anu awiri. Mumuwerengere mwini wake pa foni zomwe zikusiyana, akumbukira.

wa_Chilomoni
Kusiyana kwake ndi mizere itatu. Yoyamba imapanga rounding pa katundu aliyense, yachiwiri imaphatikiza kaye zonse kenako rounding kamodzi pa total. Akuti yachiwiriyo ndiyo anagwirizana ndi a akaunti. Ndipo ma test amalephera chifukwa test ina ili ndi nambala yakale yolembedwa pamanja, yosiyana ndi matambala ochepa. Ndapanga cherry-pick, ndakonza test, zonse zadutsa.

Chinyonga_dev
Ndafika mochedwa koma ndionjezere za zida zina, chifukwa wina adzawerenga izi ali ndi StGit, chida chosungira ma patch pamwamba pa git, osati script. Ine ndimagwiritsa ntchito StGit posunga zosintha zathu pamwamba pa pulogalamu ya open source yomwe timaitsatira. Inayambitsidwa ndi Catalin Marinas mu 2005, inali ya Python, kuyambira 2.0 ya 2022 ndi ya Rust. Mmenemo patch iliyonse ndi commit, ndipo `stg refresh` iliyonse imapanga commit yatsopano m'malo mwa yakale. Zakalezo sizisochera msanga chifukwa StGit ili ndi mbiri yakeyake, mitundu yatsopano imaisunga pansi pa `refs/stacks/`, ndipo `stg log` ndi `stg undo` zimadalira imeneyo. Zimadzakhala zopanda cholozera mukafufuta mbiriyo kapena branch yonse.

Pomwe anthu amagwa ndi pawiri. Kupanga `git commit` kapena `git rebase` wamba pa branch ya StGit, ikayamba kudandaula n'kuthamangira `git reset --hard` m'malo mwa `stg repair`. Ndi kuganiza kuti clone yatenga zonse, pomwe clone wamba imatenga ma branch ndi ma tag, za pansi pa `refs/stacks/` ndi `refs/patches/` imazisiya. Patch yomwe munaipanga pop sili pa branch. Mukafometa makina mutangopanga push ya branch, imeneyo yapita.

tchuzi_Limbe
Nanga quilt, chida china cha ma patch? Kwathu timaigwiritsa ntchito pa ma package a Debian.

Chinyonga_dev
Quilt sipanga ma commit, imasunga mafayilo mu `patches/` ndi dongosolo lake mu `series`, zosungira zake mu `.pc`. Ndiye singakusiyireni dangling commit. Imene imapanga ma commit ndi guilt, yomwe imachita za quilt pamwamba pa git. Pop ndi push zake zimasiya ma commit akale m'mbuyo, koma patch yeniyeniyo ndi fayilo mu `.git/patches/`, ndiye nthawi zambiri osiyidwawo ndi makope chabe.

anaPhiri_py
Ndi stash yomwe. `git stash drop` imasiya dangling commit, ndipo imalemba hash yake pa sikirini pofufutapo. Ngati terminal simunatseke, `git stash apply` ndi hash imeneyo ikubwezerani. Ngati munatseka, sakani pa ma unreachable omwe uthenga wake ukuyamba ndi "WIP on".

mkoko_wa_Soche
Chabwino, koma mbali inayo bwanji simukuinena? Nthawi zina munthu umafuna commit ife ndithu. Wina kuntchito kwathu anapanga commit ya fayilo ya `.env` yokhala ndi password ya database, kenako amend, n'kumati zatha. Commit yakale ija inali ikadali mmenemo, `git show` ndi hash yake password poyera.

Mpingwe_root
Imeneyo ndi nkhani yoona. Pa makina anu mumachita `git reflog expire --expire-unreachable=now --all` kenako `git gc --prune=now`, pamenepo ndiye imapitadi. Koma ngati inafika kale pa GitHub, force push siichotsa kumeneko, wodziwa hash atha kuitsegulabe, ndipo amene anapanga fetch ali nayo. Password imeneyo isintheni tsiku lomwelo, kuyeretsa repo kubwere pambuyo.

Kwa a Chilomoni, malamulo awiri amenewo si anu panopa. Loyambalo limafufuta chitetezo cha reflog pa repo yonse.

kabaza265
Ndiye zinyalala zija zikhala mpaka liti? Chenjezo lizingobwerabwera.

sisi_wa_seva
Zidzachoka, koma mwadongosolo. Choyamba script ikonzedwe, apo ayi mawa zayambiranso. Ine ndikanasintha zinayi. Isanachotse worktree, ngati ma test alephera, iike cholozera, mwachitsanzo `git update-ref refs/zolephera/$(date +%F-%H%M) HEAD`. Patch yolephera isamutsidwire mu foda ina nthawi yomweyo kuti isayesedwenso ola lililonse ndi kutsekereza zinzake. Itumize uthenga kwa munthu, ngakhale imelo ya mzere umodzi. Ndipo `git add -A` ya ma PDF ija ichoke, zotsatira za ma test zisungidwe kunja kwa repo. `find -delete` ija ndiye ichotsedwe lero lomwe.

Poyeretsa, cron ikhale yozimitsa ndipo pasakhale wina amene akulemba mu repo. `--prune=now` ikayenda pomwe pulogalamu ina ikupanga commit itha kufufuta object yomwe yangolembedwa kumene isanapeze cholozera, ndipo apo ndiye mungaone `missing blob` yeniyeni. Masabata 2 aja anaikidwa chifukwa cha zimenezi.

A Chilomoni, `git --version` pa sevapo ikuti chiyani?

wa_Chilomoni
2.34.1, ndi Ubuntu 22.04.

sisi_wa_seva
Ndinaganiza choncho. Git 2.37 ya 2022 inabweretsa ma cruft pack, oti ma object osafikirika amaikidwa mu pack imodzi pamodzi ndi madeti ake m'malo momwazikana ngati timafayilo masauzande, ndipo kuyambira 2.41 ya 2023 gc imachita zimenezo yokha. Pa git yatsopano chenjezo lija mwina simukanaliona n'komwe.

Nachisale_88
Ndipo akanapanda kuliona sakanayendetsa fsck, lipoti la sitoko lija bwenzi litapita osadziwika. Choncho uthenga wa script ikalephera ndi wofunika kuposa kukweza git.

bambo_kernel
Chinanso achimwene, musaiwale za m'mbuyo. Script imeneyi yakhala ikuchita izi kuyambira tsiku lomwe inalembedwa. Zomwe mwapeza lero ndi za masabata 2 okha, zakale gc inadya kale. Khalani pansi ndi mnzanuyo, atchule ntchito zomwe akukumbukira kuti anatumiza miyezi yapitayi, inu muziyang'ana pa `git log --author`. Ngati seva ili ndi backup zakale za disiki yonse, mu `.git/objects` ya mmenemo mutha kupezamo zina ndi njira yomweyi.

wa_Chilomoni
Backup ilipo, disiki yakunja yomwe timakopera kutha kwa mwezi uliwonse, ili mu kabati ya bwana. Mawa ndiibwereka ndiyese fsck pa makope a miyezi iwiri yapitayo. Mnzathu abwera m'tauni Lachisanu, tikhala limodzi tione mndandanda. Script ndachotsamo `find` ndi `git add -A`, ndaikamo `update-ref` ija, cron ikadali yozimitsa. Prune sindipanga mpaka Lachisanu litadutsa.

Funso lomaliza kwa a sisi: ma ref a pansi pa `refs/zolephera/` aja ndiziwaona bwanji, popeza `git branch` sikuwaonetsa?

sisi_wa_seva
`git for-each-ref refs/zolephera/`. Mukathana nayo ina, `git update-ref -d` ndi dzina lake lonse. Ndipo mukamaliza kuyeretsa mukumbukire `git config --unset gc.auto`, apo ayi gc sidzayendanso yokha pa repo imeneyo.